Tramu ya ku Joni Imene Ndinaipeza ku Mangalande

Anzanga acinyamata, kodi munayamba mwafunsapo agogo anu za mmene anali kuyendera pamene anali a msinkhu wanu? Ine sindinawafunse anga, ndipo kulakwa kumeneku ndinakuzindikira ndiri kutali, pamudzi wa Crich m'dera la Derbyshire ku Mangalande.

M'caka ca 2019 ndinapita kukacezera alongo anga amene agwira nchito ya unesi m'dzikolo. Tsiku lina ananditengera kumalo osungirako matramu akale. Mwina simunaionepo tramu. Iri ngati basi, koma imayenda panjanji zoyalidwa pakati pa mseu, ndipo mphamvu yake imacokera kuwaya wa magetsi wopacikidwa pamwamba. Pacipata anatipatsa kobiri lakale, limene tinapereka kwa kondakitala monga anali kucitira anthu a kale. Tinakhala pamipando ya matabwa m'cipinda ca pamwamba, belu linalira, ndipo tinayenda mtunda wa mailo imodzi kudutsa pamene kale anali kukumba miyala ya laimu.

Mvetserani mmene malowa anayambira. Nkhondo yaciwiri itatha, mizinda ya ku Britain inapitiriza kutaya matramu pofuna mabasi. London inaleka mu 1952, Glasgow mu 1962. Ambiri anaphwanyidwa ndi kutenthedwa. Koma mu 1948 anthu ocepa anagula tramu nambala 45 ya ku Southampton ndi mapaundi 10 cabe. Mu 1955 kunapangidwa bungwe losunga matramu, ndipo mu 1959 linapeza malo a ku Crich. Nchito yambiri inagwiridwa ndi anthu odzipereka, osalandira malipiro.

Titalowa mosungiramo, ndinaona tramu nambala 60 ya ku Johannesburg, yopangidwa mu 1905. Mtima wanga unagunda. Agogo anga aamuna anacoka ku Katete ali mnyamata kukagwira nchito kumigodi ya ku Joni, ndipo panthawiyo matramu anali kuyendabe mumzindamo, pakuti analeka mu 1961. Azungu anali ndi matramu ao, anthu akuda ao. Kodi agogo anakwerapo? Kodi anathamangitsidwapo? Alongo anga anandiyang'ana nati, "Acimwene, mesa inu ndinu munali kugona nao nyumba imodzi?" Ndinasowa coyankha. Madzulo ali onse agogo anali kuyamba nkhani za ku Joni, koma ine ndinali kuthawira kumpira. Anamwalira nazo nkhani zao.

Taganizani, anzanga. Anthu aja anapulumutsa cinthu ca zitsulo ndi matabwa pamene ena onse anali kunena kuti cilibe nchito. Pambuyo pake Manchester inabwezera matramu m'miseu yake mu 1992, ndi Sheffield mu 1994. Koma munthu akapita, palibe ndalama imene ingamubwezere.

Cotero ndikupemphani cinthu cimodzi. Sabata ino tengani buku ndi colembera, mukhale pamphasa pafupi ndi agogo anu, kapena mkulu wina wa mumpingo amene amakhala yekha. Afunseni za ulendo wao woyamba, za nchito yao yoyamba, za maina a anzao. Pamsonkhano wotsatira wa acinyamata mukawerengerane zimene mwalemba. Musacedwe monga ndinacedwera ine.