Mphamvu ku anthu, nanga ndalama?

Lamulo la maboma ang'ono linadza mu 1998, n'kutilonjeza mphamvu ku anthu. Makhansala tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 makhonsolo anakhala opanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Chilonda chimenecho sichinapolebe.

Lero komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) imakhala pansi, kulemba kuti mjigo wafa, mlatho unakokoloka, ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Pepala lipita ku komiti ya chitukuko cha dera (ADC), kenako ku khonsolo. Kumeneko amva kuti ndalama za ku Lilongwe sizinafike, kapena zafika zoperewera chaka chili kumapeto. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera. Boma lizipereka zimenezo, pa nthawi yake.

Makhonsolo nawonso asabisale. Mayi wogulitsa tomato amadula chiphaso tsiku lililonse, pomwe chimbudzi cha pamsika chinadzadza kalekale. Zimandiwawa zedi. Bwana DC, matani pepala pakhoma la msika uliwonse: mwezi uno tatolera zakuti, tagwiritsa ntchito pa zakuti. Anthu aziwerenga okha.