Mfuti imene amalume sanagule

Lamulungu lina m'nyengo yachisanu amalume anandiitanitsa kwawo ku Mufakose, ndipo ndisanamalize n'komwe kupereka moni anali atandigwira kale dzanja kunditsogolera kudimba. Dimba lawo lili m'dambo la kufupi ndi mtsinje wa Marimba, kumene anthu ambiri a m'derali amalima chimanga nthawi ya dzinja, n'kumabzala ndiwo zamasamba mvula ikatha. Mabedi awiri a repu amene anali atangowokera anali atametedwa mpaka pansi, ndipo nyemba zinali zitadulidwa nsonga. Titabwerera kunyumba anandionetsa khola. Mwa nkhuku 14 zinatsala 9, nthenga zili mbwee kuseri kwa bafa.

"Mphwanga, iwe unapita kusukulu, ndipo makompyuta umawadziwa," anatero. "Undifufuzire mfuti yoyenera kuphera akalulu ndi nkhandwe, undiuzenso mtengo wake. Ndalama ndiyesetsa kupeza."

Amalume sanalankhule zimenezi mwachibwana. Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi, kudzera ku Tete, nadzalembedwa ntchito pa famu ya fodya ku Mashonaland. Amalumewo anabadwira pa famupo ndi kukulira pomwepo, ndipo ali mnyamata ankanyamula tochi usiku pamene mwini famu ankasaka nyama zoononga mbewu ndi ziweto. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, iwo anali m'gulu la antchito ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene ntchito ndi pokhala zinawathera tsiku limodzi. Lero dimba ndi nkhukuzo ndizo zimawagulira ufa ndi kulipirira adzukulu awo sukulu. Kwa iwo nkhuku zisanu ndi ndalama ya mayeso a mwana. Motero sindinatsutse. Ndinalonjeza kuti ndifufuza.

Zambiri zimene ndinapeza pa intaneti zinalembedwera alimi a ku Australia ndi ku Britain. Ku Australia nkhaniyi ndi yaikulu ndithu. M'chaka cha 1859 mlimi wina dzina lake Thomas Austin anamasula akalulu 24 pa malo ake kufupi ndi Geelong kuti aziwasaka, ndipo m'zaka zochepa akaluluwo anaswana n'kudzaza dziko. Nkhandwe zofiirira za ku Ulaya nazonso anazipititsa kumeneko kaamba ka masewera osaka omwewo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mfuti sizinathetse vutolo ngakhale zinali zambiri. Boma linafika pomanga mipanda ya waya yotalika makilomita zikwi, ndipo mu 1950 linachita kufalitsa dala matenda opha akalulu. Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Kalulu wathu ndi nyama ya kuno komwe, sakumba una, saswana mwa mtundu umenewo, ndipo nkhandwe yathu ndi mtundu winanso.

Pa za mfutizo, olemba onse anagwirizana pa mitundu itatu. Yoyamba ndi ya mpweya, imene anyamata amaphera mbalame. Imeneyi ingaphe khoswe kapena kalulu ali pafupi, koma nkhandwe imangoivulaza n'kuisiya ikuvutika. Yachiwiri ndi chifefe, chimene chimamwaza machaka ambiri nthawi imodzi. Chimagwira bwino nyama ikakhala pa mtunda wosapitirira mamita 30 kapena 40, koma phokoso lake limadzutsa mudzi wonse, ndipo machakawo sasankha pogwera. Yachitatu ndi ya chipolopolo chimodzi. Yaing'ono yotchedwa .22 ndiyo alimi amakonda pa akalulu, pamene pa nkhandwe yoima patali amagwiritsa ntchito yamphamvu kuposa pamenepo. Koma chipolopolo cha .22 chomwecho, chikaphonya, chimatha kuyenda mtunda wopitirira kilomita imodzi, ndipo chikamenya mwala kapena madzi chimanjanja n'kulowera kumene wowombera sanalinge.

Ndinawerenganso malamulo. Lamulo la mfuti la dziko la Zimbabwe limati munthu asakhale ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chochokera ku polisi. Wopempha ayenera kupereka chifukwa chomveka, ndiponso kuonetsa malo otetezeka osungiramo. Kuwombera mfuti pakati pa nyumba za anthu ndi mlandu pawokha. Lamulo la nyama zakutchire la 1975 limapereka mphamvu pa nyama kwa mwini malo kapena woyang'anira malowo mwalamulo, koma dambo limene amalume amalimamo ndi la khonsolo ya mzinda wa Harare. Mfuti zimene anthu amagulitsana mobisa ndi njira yopita kundende, ndipo n'chifukwa chake mu 2022 boma linapereka nyengo yoti anthu abweze mfuti zopanda ziphaso osaimbidwa mlandu.

Vuto langa tsopano linali la mwambo. Muphwa sauza amalume ake kuti maganizo awo ndi olakwika. Loweruka lotsatira ndinapita ndi mapepala anga, koma ndinawasiya m'chikwama. Ndinawapempha kuti tipite kudimba madzulo, nthawi imene akalulu amatuluka, akandionetse pamene angaime powombera. Anaima pa chulu, natambasula dzanja kuloza mabedi a repu.

"Nanga kuseri kwa mabediwo kuli chiyani, amalume?" ndinafunsa.

Anayang'ana. Kuseri kwa mabediwo kunali kanjira kamene anthu ochokera kuntchito amadutsa pofupikitsa ulendo. Patsogolo pake amayi atatu anali pa chitsime ndi zigubu zawo, popeza m'mipopi munalibe madzi sabata imeneyo. Chapatali anthu ovala zoyera anali atagwada pa pemphero la madzulo, ndipo kupitirira apo unali mzere wa nyumba, magetsi atayamba kuyaka. Amalume anatembenukira kumanja, kenaka kumanzere. Kulikonse kunali munthu kapena denga.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti pa famu paja lamulo loyamba limene anaphunzitsidwa linali lakuti usawombere usanadziwe chimene chili kuseri kwa nyama, ndiponso kuti maso owala pa tochi sukhala ndi chitsimikizo kuti ndi a nkhandwe, chifukwa a galu ndi a mwana wa ng'ombe amawalanso. Kumeneko kuseri kwa kalulu kunali munda wa fodya ndi phiri. Kuno kunali ana a anzawo. Nkhani ya mfuti inathera pa chulu pomwepo, ndipo anaithetsa ndi iwo eni.

Komabe repu anali kudyedwa ndithu. Mnansi wina analangiza kuti tithire tameki pa nyama n'kuitaya pafupi ndi khola, wina anati titchere misampha ya waya. Zonsezi tinazikana. Poizoni amapha galu, mphaka, khwangwala ndi kadzidzi amene amatithandiza kuchepetsa makoswe, ndipo mwana akhoza kutola nyamboyo. Msampha wa waya ndi woletsedwa, ndiponso umagwira mwendo uliwonse wodutsapo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinagwirizana zoyamba tadziwa wakubayo. Kwa masiku anayi amalume ankawaza phulusa losefa kuzungulira khola ndi m'mbali mwa mabedi dzuwa likamalowa, n'kumadzuka m'bandakucha kukawerenga mapazi. Kudimba kalulu anapezeka wolakwa: mapazi ake, ndowe zake zozungulira, ndi mapesi odulidwa mopendekera ngati ndi mpeni. Koma kukhola kunalibe phazi la nkhandwe. Kunali mapazi aakulu a agalu awiri, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi a m'mzere mwathu momwemo, ndi timapazi ta likongwe tolowera pa bowo la pansi pa chitseko. Tikanagula mfuti, tikanadikira usiku wonse nyama imene sinabwereko, kapena tikanapha galu wa mnansi n'kuyambitsa chidani cha zaka.

Ndalama imene amalume ankasungira mfuti inagula waya wa maso ang'onoang'ono. Tinazunguliza mabedi a mbande mpanda wofika m'chiuno, m'munsi mwake titakwirira m'nthaka, chifukwa kalulu amakonda kufwamphukira pansi. Khola tinalikweza pa mitengo, tinatseka mabowo ndi zidutswa za malata, ndipo nkhuku zimalowa dzuwa lisanalowe. Eni agalu aja anavomera kumawamanga usiku amalume atawaonetsa mapazi pa phulusa. Alimi asanu ndi mmodzi oyandikana nawo anasonkherana kuti mpanda ukhale umodzi, zimene zinatsitsa mtengo kwa aliyense.

Sindikunena kuti nkhandwe kulibe. M'mphepete mwa mzinda, kumene nyumba zimakumana ndi minda, zimaoneka, ndipo m'dziko muno zimadziwika kuti zimafalitsa chiwewe pamodzi ndi agalu. Nkhandwe yoyenda masana, yosaopa anthu kapena yotuluka dovu, musaithamangitse. Dziwitsani a zanyama zakutchire, achipatala cha ziweto kapena apolisi. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Agalu athu azilandira katemera.

Sindikunenanso kuti mfuti ilibe malo ake. Mlimi wa munda waukulu, wokhala ndi chiphaso, wophunzitsidwa bwino, amene kuseri kwa nyama kuli chulu kapena phiri, akhoza kusankha pakati pa chifefe ndi .22 malinga ndi nyama ndi mtunda. Koma kwa inu alangizi ndi ogwira ntchito m'madera ngati Mufakose, Glen View, Kuwadzana kapena Epworth, mlimi akadzakufunsani za mfuti, musamuseke ndipo musamukalipire, pakuti chimene chamufikitsa pamenepo ndi njala ya ana ake. Pitani naye kumunda madzulo, muime naye pamene akufuna kuimapo, ayang'ane yekha.

Mwezi watha amalume ananditumizira mtolo wa repu ndi mazira khumi. Mdzukulu amene anabweretsa anati agogo akuti kalulu akubwerabe, koma masiku ano amangodya udzu wa kunja kwa mpanda.