Matimati a pa Lizulu

Amene anayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre akudziŵa kuti munthu akapitirira Dedza ndi mphambano ya ku Bembeke amafika pa Lizulu, m'boma la Ntcheu. Pamenepa msewu ndiwo malire: tsidya lino ndi Malaŵi, tsidya ilo ndi dera la Angonia, m'dziko la Mozambique. Anthu a mbali zonse ziŵiri amagulitsira pamodzi mbatatesi, kabichi, anyezi ndi matimati, pakuti dziko la kumeneko ndi lokwera, lozizira ndiponso la madimba ambiri.

Ine ndinatsika pamenepo pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, popita kukazonda alamu anga. Chimene chinandigwira mtima sichinali kukongola kwa milu ya matimati yofiira psuu, koma dzala la kuseri kwa msika. Kumeneko amai anali kukhuthula madengu athunthu a matimati ophwanyika ndi ofeŵa, amene ogula anaŵakana. Ndinakumbukira kuti m'Januwale ndi m'Febuluwale, pamene mvula yachuluka ndipo matenda agwira mbeu m'minda, ife tomwe timagula timatimati titatu pa mtengo wolira nawo. Walira mvula walira matope: mlimi anakhetsa thukuta kuti akolole zambiri, ndipo kuchuluka komweko ndiko kunamgwetsera mtengo.

Nditadandaula za ichi kunyumba, alamu anga anangoseka, nati, "Aphunzitsi, maŵa musapite kokayenda. Mudzakhale pano mudzaphunzire."

M'maŵa mwake anasankha matimati okupsa bwino, nataya onse oyamba kuvunda. Ataŵatsuka, anaŵaviika m'madzi oŵira kwa mphindi imodzi, kenaka m'madzi ozizira, ndipo makungu anasendeka mosavuta. Anaŵaduladula, naŵaika pa moto m'sefuliya yaikulu, osathira madzi ngakhale dontho. Atafeŵa anaŵasefa kuti njere zitsale, nabwezera msuziwo pa moto wochepa pamodzi ndi mchere ndi shuga pang'ono. Ine anandipatsa mthiko, nandilamula kuti ndizitakasa kufikira msuzi utaphwera ndi kutsala theka. Ntchitoyi inatitengera pafupifupi maola aŵiri, ndipo utsi unandiliza misozi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaŵerengera kuti makilogalamu 3 a matimati amatulutsa lita imodzi ya msuzi wokhuthala.

Chachikulu chinali kasungidwe kake. Mabotolo agalasi a theka la lita, a pakamwa papakulu, anayamba aŵaphika kaye. M'botolo lililonse anathira supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu, chifukwa kuŵaŵasa ndiko kumaletsa tizilombo toopsa kuswana m'chakudya chotsekeredwa. Atadzaza msuzi wotentha, kusiya kampata pamwamba, anatseka zolimba, namiza mabotolowo m'madzi pa nsalu yoyalidwa pansi pa mphika, naŵaŵiritsa mphindi 45. Apa mphunzitsi anapezako ponena: ndinaŵafotokozera kuti ku malo okwera ngati kwaoko madzi amaŵira asanatenthe kwenikweni monga achitira ku nyanja, ndipo n'chifukwa chake nthaŵi iyenera kutalika chotero. Iwo anandichenjeza kuti botolo limene chivindikiro chake chatukumuka, kapena msuzi wake ukuchita thovu, n'lotaya osalaŵa, ndi kuti lotsegulidwa lithe msanga.

Madzulo tinadya nsima ndi usipa wothira msuzi wotsala mumphika, ndipo ana ananyambita zala. Pa alumali panaima mabotolo 8, kudikira masiku a dzinja.

Pobwerera ndinaimanso pa Lizulu kudikira basi. Amai aja anali pomwepo, akuitanira ogula, ndipo dzala lija linali litakula. Ndinagula dengu lathunthu osanenerera mtengo. Tsono aŵerengi, makamaka inu amai a mvano ndi aphunzitsi anzanga, nzeru iyi siifuna makina kapena chuma chambiri, koma nkhuni, mabotolo oyera, mandimu ndi tsiku limodzi. Mukadzadutsa pa Lizulu m'nyengo ya chilimwe, musadzangogula mulu wa ndiwo za tsiku lomwelo. Mudzakumbukirenso Febuluwale.