Makolo a amphawi amapezeka m'kaundula wa ndende

Masiku ano aliyense amene ali ndi kompyuta akudzitcha katswiri wofufuza makolo a anthu ochokera ku Ireland. Mukamulipira timayuro tochepa madzulo, kukacha wakutumizirani kale mndandanda wa mibadwo khumi, pamwamba atamatapo chizindikiro cha banja lachifumu. Akamberembere amenewa akutiipitsira mbiri. Akapeza Patrick Murphy ku Boston, n'kupezanso Patrick Murphy wina ku Cork, basi ati ndi munthu mmodzi. Kodi akudziwa kuti ku Cork kunali a Patrick Murphy angati?

Ntchito yathu ndi yovuta chifukwa cha moto. Pa 30 June 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungira zikalata za boma ku Four Courts mu Dublin inapsa, ndipo pafupifupi mabuku onse a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anathera momwemo. A 1861 mpaka 1891 boma linali litawononga kale lokha. Otsala athunthu a m'nthawi ya ulamuliro wa Britain ndi a 1901 ndi 1911. Za kalembera ameneyu, za kaundula wa obadwa ndi omwalira amene anayamba mu 1864, ndi za mabuku a ubatizo a m'maparishi sinditayapo nthawi. Zili pa intaneti kwaulere, ndipo ngakhale mwana wasukulu angazipeze.

Pamene ine ndimadyerapo ndi pa kaundula wa ndende. Munthu wosauka wa m'zaka za m'ma 1840 analibe munda wakewake, sanasiye wilo, nthawi zambiri analibe ngakhale mwala pamanda. Wogwira cholembera amene anamuyang'anitsitsa n'kumulemba bwinobwino anali mlembi wa ndende. Tsegulani buku la ndende ya ku Kilmainham kapena ya ku Mountjoy muone: dzina, zaka, kutalika, mtundu wa maso ndi tsitsi, chipembedzo, ntchito, kwawo, ngati amatha kuwerenga, mlandu ndi chilango. Mabuku ena amatchula zipsera, dzino loguluka, chala chopindika, ndipo a zaka zapambuyo pake amatchulanso wachibale. Palibe buku la tchalitchi lingakuuzeni kuti agogo a agogo anu anali wamfupi, wa maso obiriwira, wa chipsera pachibwano.

Milandu yake ndi yomvetsa chisoni kuposa kuchititsa manyazi. Wochuluka ndi wa kuledzera. M'nthawi ya njala yaikulu, pamene matenda anaoletsa mbatatesi kuyambira 1845, lamulo la 1847 linasandutsa kupemphetsa kukhala mlandu, ndipo ndende zinadzaza ndi anthu oba mpiru, nkhuku kapena buledi. Ena ankaswa dala zenera kuti akadye za kundende.

Povuta kwenikweni ndi pa amene anagamulidwa kupita ku Australia, kawirikawiri kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Sitima yoyamba yonyamula akaidi kuchokera ku Ireland, ya Queen, inafika ku Sydney mu 1791, ndipo ulendo wotere unatha mu 1853. Mabuku a otumizidwawa a chaka cha 1836 chisanafike anapsa, koma otsatira anapulumuka, pamodzi ndi makalata ochonderera amene akazi ndi makolo ankalembera bwanamkubwa ku Dublin Castle. Makalata amenewa ndimawakonda kuposa china chilichonse, chifukwa mayi wopempha chifundo amatchula ana ake, wansembe wawo ndi mwini malo amene ankakhalapo. Koma chigamulo si umboni woti munthu anakweradi sitima. Ambiri anakathera m'ndende ya pachilumba cha Spike, ena anafera pomwepo, ena anamasulidwa. Ndisanalembe kuti uje anafika ku Van Diemen's Land ku Australia, ndimayamba ndamupeza m'mabuku a tsidya ilo, kutalika ndi zipsera zikugwirizana.

Khalidwe limeneli ndinaliphunzira kwa mayi wina wachikulire wa ku Clare, amene anayamba ntchitoyi kulibe intaneti. Ankandikhazika pa makina a microfilm mpaka maso kuchita chizungulire, osalola kuti ndidumphe tsamba. Ndikawathamangira ndi dzina, ankangofunsa kuti mboni yachiwiri ili kuti, n'kubwerera ku tiyi wawo. Ndiwo anandiphunzitsa kusakhulupirira zaka zolembedwa: penshoni ya okalamba itayamba mu 1909, anthu ambiri anakalamba zaka zoposa khumi pakati pa kalembera wa 1901 ndi wa 1911. Anandiphunzitsanso kuti Delia akhoza kukhala Bridget, Darby n'kukhala Jeremiah, kuti O' ndi Mac zimagwa n'kubwereranso, kuti Queen's County ndi Laois ya lero. Anali okalipa, ndipo pensulo yawo sankabwereketsa. Mpaka lero ndikalemba chinthu chopanda mboni ndimamva ngati aima kumbuyo kwanga.

Mboni yachiwiriyo nthawi zambiri imakhala nyuzipepala. Kaundula amangoti kuba nkhosa, pamene Freeman's Journal kapena Cork Examiner imakuuzani mwini nkhosayo, kamudzi kake ndi zimene woweruza ananena. Kwa amene anapita ku America, ndimafufuza mu nyuzipepala ya Boston Pilot, imene kuyambira 1831 inkasindikiza zidziwitso za anthu ofunafuna abale osowa, parishi yakwawo itatchulidwa.

Makasitomala ndiye ali ndi zawo. Aliyense amafuna kuti kholo lake likhale msilikali womenyera ufulu, mnzake wa John Boyle O'Reilly pa sitima ya akaidi ya Hougoumont. Mukawaonetsa kuti munthuyo anamangidwa ataba malaya, nkhope imagwa, mwinanso ayambe kunenerera mtengo. Ena amati poti sindinapeze kanthu asalipire, ngati kuti maso anga anawerenga masamba onsewo mwaulere. Ine ndimalipiritsa nthawi imene ndagwira ntchito, ndipo ndimanena zimenezi tisanayambe.

Mukafuna kuti ndikuthandizeni, musabwere ndi mndandanda wogula pa intaneti. Bweretsani kalata yakale, chikalata cha imfa kapena dzina la parishi limene agogo anu ankatchula, ndipo mukonzeke kumva kuti kholo lanu linagonapo m'ndende.