ZA ZOLEMBERA ZOSEMA NDI MANJA

Abale, ambiri a ife tigwira colembera masiku onse, polemba kalata kapena maina a Akristu m'buku la mpingo, koma sitisamalira mapangidwe ace. Ku America ndi ku Britain kuli amisiri akusema zolembera pa makina, dzina lace lathe, amene azunguza mtengo msanga ndithu, mmisiri naupala ndi citsulo cakuthwa. Iye asema mtengo wokha. Koma zitsulo zonse, ndizo timapaipi ta mkuwa, nsonga, cokowera pathumba ndi kapaipi ka inki, azigula pamodzi m'kathumba kamene akacha kit. Ife tiyesa kuti nzeru yaikuru ya nchito iyi igona pa kusankha kathumbako.

Mtundu woyamba ndiwo Slimline, wocepa mtengo koposa yonse, ndipo ophunzira ambiri ayambira pomwepo. Uli ndi timapaipi tiwiri. Mmisiri atenga kamtengo kotalika mainchi 5, nakadula pakati, naboola dzenje la mamilimita 7, namata mkuwa m'katimo. Koma wina asanyengedwe ndi kucepa kwa mtengo wace, pakuti kunsonga mtengo utsala wopyapyala, wosafika ndi milimita imodzi yomwe. Dzanja likanjenjemera pang'ono, mtengo ung'ambika, mkuwa nuonekera.

Waciwiri ndiwo Sierra, wa paipi imodzi yokha, ya dzenje loposa pang'ono mamilimita 10. Popeza mtengo suduka pakati, mizere yace ioneka yonse, ndipo nchito itha msanga. Wacitatu ndiwo Cigar, wonenepa ndi wolemera, wa mapaipi awiri a mamilimita 10 osalingana utali wace. Amene awasinthanitsa pomanga ataya nchito ya tsiku lonse. Ulipo winanso, Baron, wokhala ndi cibvundikiro, umene ukhoza kulandira nsonga ya inki yamadzi. Umenewo ngwokongola, koma ufuna ndalama zambiri ndi mwini wosaiwala kubvundikira.

Tsono tisankhe uti? Ife titi, muyambe mwafunsa za iye amene adzalemba naco. Mlembi wa mpingo, wolemba nthawi yaitali, zala zace zilema ndi colembera colemera. Nkhalamba ya manja ouma igwira bwino conenepa. Mufunsenso za inki. Slimline ilandira kapaipi koonda ka mtundu wa Cross, koma Sierra ndi Cigar zilandira ka mtundu wa Parker, kosunga inki yambiri. Colembera cimene inki yace sipezeka m'sitolo yapafupi cisanduka kamtengo cabe tsiku lakutha inkiyo.

Cinthu cina ndico kunyezimira kwa zitsulo. Zopakidwa golidi zikopa maso, koma golidiyo ngwopyapyala ndi wofewa, ndipo thukuta la m'manja limfafaniza. Zopakidwa chrome zioneka zacabe, koma zipirira zaka. Paja akulu anati, cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani iyi itikhudza ifenso, cifukwa umodzi wa mitengo imene amisiriwo aufuna kwambiri ndiwo phingo, womera m'nkhalango za Malawi, Mozambique ndi Tanzania, umene apangiranso zitoliro za azungu. Phingo akula pang'onopang'ono, nafuna zaka makumi ambiri asanakhwime. Kapande kocepa, kamene wosema ziboliboli akataya pamoto, kakwanira colembera cathunthu. Kodi si cinthu ca cisoni kumata mtengo wotere pa zitsulo zimene zidzafwifwa caka cisanathe?

Cifukwa cace, inu amene mudzagula colembera cotere, kapena kupatsa mphunzitsi wanu mphatso, musafunse za kuwala kwace kokha. Mucigwire m'manja, mulembe naco dzina lanu, mufunse kumene inki yace ipezeka. Momwemonso tiyesa mmisiri, ndi Mkristu yemwe: si pa tsiku loyamba ai, koma zitapita zaka, nchito yace iri cigwirire.