Zilembo za Agogo Zinandicotsa Manyazi

Anzanga acinyamata, kodi munayamba mwaimikidwapo pamaso pa gulu kuti mufotokoze za ndalama? Ine zinandionekera caka catha. Tinali kusonkha K50 aliyense ya ulendo, ndipo ndinalemba maina ndi ndalama pakompyuta m'zilembo za Times New Roman, ndi kumakankha manambala ndi batani la mpata. Pepala litatuluka, manambalawo anali okhotakhota ngati mizere ya munthu wolima usiku. Makina a fotokope nawo anadya 0 wa mlongo wina, K50 yake n'kusanduka K5. Palibe ananditchula wakuba, koma maso anali kulankhula.

Agogo anga aamuna, amene anali kalaliki zaka zambiri, atamva anangoseka. Anatulutsa kalata yakale ya pa taipilaita nati, "Mdzukulu wanga, ona i uyu ndi m uyu. Ndani ali ndi malo aakulu?" Ndinayang'anitsitsa. Onse malo ao anali ofanana!

Pajatu taipilaita imasuntha pepala mtunda umodzimodzi ukamenya cilembo ciliconse. Conco i woondayo anampatsa mapazi aatali kuti adzaze malo ake, pamene m anamupanikiza ngati munthu wonenepa m'minibasi. Mapaziwo ndi aphwatalala ngati njerwa. Ndiye cifukwa cake manambala amaima mowongoka, wina pansi pa mnzake, ngakhale dzina likhale lalitali kapena lalifupi.

Pakompyuta yanu zilembo zotere mudzazipeza pa dzina lakuti Courier. Anazikonza ndi Howard Kettler m'zaka za m'ma 1950, kukonzera mataipilaita a IBM. Pa saizi 12, zilembo 10 zimadzaza inci imodzi, osaposa, osacepera. Olemba mafilimu ku Hollywood amazigwiritsabe nchito, pakuti tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu. Inu a gulu la masewero, mwamvatu? Nalo boma la America, ku unduna woona za maiko akunja, linali kulembera makalata ake mu Courier New kufikira mu 2004.

Koma cenjerani: Courier New ndi woonda kwambiri, ndipo fotokope ikatopa amazimiririka. Musankhe Bold. Pamenepo zilembo zimanenepa, mapazi aja amakhala ngati zidutswa za njanji, ndipo munthu amawerenga ataima patali ndi bolodi.

Kukongola ndiye ai, ndisakunamizeni. Zimadya pepala, ndipo nkhani yaitali imatopetsa maso. Pakhadi la ukwati musayese n'komwe.

Usiku womwewo ndinalembanso mndandanda uja mu Courier New Bold, agogo ali pambali kuwerenga maina mokweza. Pa Sondo mlongo uja anafika pabolodi, natsata mzere wake ndi cala mpaka anapeza 0 wake. Anatembenuka, nandifunsa ngati basi idzanyamuka 6 koloko kapena 7.