Njinga yosagwirika, thukuta lenileni

Dzulo 10 koloko usiku inandipeza ndikupalasabe pabalaza, fani ikuwomba kumaso, thaulo lili lonyowa, anthu onse m'nyumba atagona. Chifukwa chake? Njinga yanga ya mu gemu yopalasa njinga ya Zwift ikwere gawo lachitatu. Njinga yoti ngakhale kuikhudza sindingathe!

Kuyambira 2025, felemu ya mu gemu imeneyi imakhala ndi magawo 5 oiwonjezera mphamvu. Sungangogula ayi, uyambe waikhetsera thukuta. Ina amawerenga makilomita amene wayenda nayo, ya kumapiri amawerenga mamita amene wakwera, ya TT, yothamangitsana ndi nthawi, amawerenga maola. Ukakwanitsa ndiye ulipire ma Drops, ndalama za mu gemu zomwe umazipeza popalasa pomwepo. Ukatenga felemu ina, nayonso uyambira pansi. N'chifukwa chake ndamatirira imodzi ngati nkhupakupa, Loweruka lililonse ndili pa phiri la mu gemumo la Alpe du Zwift kuwerenga makona ake 21 lilime lili panja.

Phindu lake ndi loti njinga imapepukako, mphepo imachepetsako kukubweza, n'kupulumutsa timasekondi basi.

Chondiseketsa n'chakuti njinga yeniyeniyo, imene ndimakhalira pochita zonsezi, tcheni chake chikungolira kwii kwii, mafuta chinawaona kalekale. Mabawuti a pahandulo achita dzimbiri ndi thukuta langa lomwe. Ya pa sikirini ndiye mbee, kunyezimira.

Mawa ndikagula mafuta a tcheni, ndalumbira. Koma ndiyambe ndamaliza mamita 600 atsalawa.